Botolo Lolimba Kuposa Mwini Wake

Patha chaka chathunthu chiwaikire m'manda a Lazaro Phiri, mkulu amene ankasankhira anthu mabotolo a madzi m'komboni ya mgodi kuno ku Kitwe. Ine ndine kalaliki wa mu ofesi ya komboni, wa ku Nyasalande, ndipo ina mwa ntchito zanga ndi kulemba makalata a maliro opita kumidzi. Ndalemba ambiri, moti dzanja limangoyenda lokha mtima uli kwina. Koma za mkulu ameneyu ndakhala ndikuzengereza miyezi yonseyi, chifukwa ndikati ndiyambe manyazi amandigwira. Tinkakangana pafupifupi tsiku lililonse, ndipo pa mkangano umodzi wokha umene unali ndi ntchito, wolakwa ndinali ine.

Anali munthu wamfupi, wa mapewa otambalala, wotsimphina mwendo wamanzere. Sankaseka kawirikawiri, ndipo akaseka zinkakhala kuti wina wachita zopusa. Anabwera kuno kuchokera ku Bwana Mkubwa, kufupi ndi Ndola, zaka zija ntchito itatha kumeneko anthu n'kumwazikana. Dokotala ataona mwendowo anawakana kutsika pansi, ndiye anapatsidwa ntchito yoyang'anira mpopi ndi mabafa a m'komboni. Pambali pa mpopiwo anakwirira mitsuko ikuluikulu itatu mumchenga wonyowa, pansi pa kadenga kaudzu, kuti madzi azigona m'menemo n'kuzizira. Pomwepo ndi pamene ankakhala, pa kabokosi, singano ya masaka m'manja, zidutswa za mabulangete akale pamiyendo.

Panali chinthu chimodzi chimene ankachiopa kuposa ngozi, kuposa njala, kuposa mzungu: munthu kuikidwa m'manda ndi dzina la mwini. Amene sanakhalepo kumigodi sangamvetse kuti zimenezi zimatheka bwanji. Anthu ambiri amalowa ntchito ndi zitupa za anzawo. Wina anathawa pa famu asanatsirize chaka chake, chitupa n'kutsala kwa mwini famu. Wina dokotala anamukana kale, wina ndi wamng'ono msinkhu. Zitupa zimayenda m'manja ngati fodya. Ife a mu ofesi timadziwa, ndipo timayang'ana kumbali, chifukwa mgodi umafuna manja osati mbiri ya munthu. Zonse zimayenda bwino mpaka tsiku limene munthuyo wamwalira, kalata n'kupita kumudzi kumene sanapondeko.

Koma ndiyambe ndi mabotolo, popeza ndiwo ankawadziwira anthu.

Munthu wa kwathu akafika kumene, kaya wa ku Fotijemusoni, kum'mawa kwa dziko lino, kaya wa ku Nyasalande, abale ake ankamutengera kwa a Lazaro asanatsike pansi koyamba. Amati pansi pamatentha moti thukuta limadzaza m'majombo. Ine sindinatsikeko, ndipo a Lazaro sankalola kuti ndiiwale zimenezi. Madzi odontha m'miyala ndi a m'mapaipi a makina obowola amatsegula m'mimba, choncho munthu amayenera kutsika ndi ake. Wachilendo amabwera ndi chimene wapeza: botolo la mowa, kachitini ka parafini kotsukatsuka, wina mpaka chipanda cha kumudzi. A Lazaro ankachilandira ndi manja awiri mwaulemu, n'kuchitembenuza, n'kuchinunkhiza, kenaka n'kuchiponya m'dzala mwini wake akuona.

Lagalasi sankafuna ndi kuliona komwe. Ankati m'chikepe chotsikira pansi anthu amapanikizana ngati chimanga m'thumba, ndiye galasi likasweka pa nthiti umakhala wataya madzi ndi magazi omwe. Chitini cha parafini ankati ungachitsuke chaka chonse, dzuwa likachiwomba chimakumbukira kwawo. Chipanda ankachilemekeza, koma ankati ndi cha kumunda kumene kulibe chitsulo chochigunda. Iwo ankafuna lachitsulo, laphwatalala mbali imodzi kuti ligone bwino pa chiuno, la kukamwa kolowa chala kuti uzitha kulitsuka ndi mchenga. Lisakule kwambiri, chifukwa botolo lolemera munthu amalisiya pa mwala n'kupita nayo ntchito kutali, ndipo botolo losiyidwa pa mwala silithandiza aliyense. Chotsekera chake ankachimangirira ndi chingwe ku khosi la botolo. Ankati chotsekera chikagwa mumdima wa pansi sichibwerera, ndipo munthu wamkulu ndi ndevu zake amatha tsiku lonse atatseka botolo ndi chala.

Kamodzi ndinapita nawo ku Ndola pa sitima, ine ndi zanga iwo ndi zawo, ndipo ndinalumbira kuti sindidzabwerezanso. Tinalowa m'sitolo ya Mmwenye wina amene ankawadziwa bwino, moti atangowaona anapumira m'mwamba n'kuitanitsa ndowa ya madzi asanapemphedwe. A Lazaro ankatenga botolo lililonse, kuliviika m'ndowa, kuuzira mpweya kukamwa kwake masaya atatupa, maso ali pa madzi kufuna kuona thovu. Likapambana pamenepo ankaligogoda ndi singano atalisendeza kukhutu. Kenaka ankayendetsa chikhadabo pa msoko wake wonse. Pomaliza ankaliimika pa phewa n'kulisiya kuti ligwe pa simenti.

"Madala, mudzaniphwanyira sitolo!" anadandaula mwini sitolo.

"Ngati yaopa simenti yanu, pansi izachita bwanji?" anayankha a Lazaro osamuyang'ana. "Iyi yabwino. Iyi ni yabodza. Iyi yabodza futi. Bweretsani zina."

Pa mabotolo oposa khumi anatengapo atatu. Ine ndinali nditaima pakhomo, tayi pakhosi, kuyerekeza kuti sindikuwadziwa. Sitima yobwerera inatisiya, ndipo tinadikira ina maola anayi osalankhulana.

Kusankha chinali chiyambi chabe. Ntchito yeniyeni inali kuliveka botolo malaya. Ankalikulunga ndi bulangete kawiri, pakati n'kuikapo thonje lopukutira makina limene amisiri ankawabweretsera lisanade, kunja n'kusokerera chinsalu cholimba cha tenti. Mmawa munthu ankatunga m'mitsuko yawo ija, ndipo masana pansi ankamwa madzi ozizira pamene anzake akumwa ofunda ngati osamba.

Pa nkhani ya malaya a botoloyi ndi pamene anakanganirana ndi ba Mulenga, Mbemba wamtali amene anabwera kuchokera ku nkhondo yachiwiri ija itatha. Apa n'kuti a Lazaro atachotsedwa kale pa mpopi, nkhani imene ndifike nayo, akukhala pansi pa mtengo wa msuku kunja kwa mpanda wa komboni, m'mbali mwa njira ya ku mgodi. Ba Mulenga anaima n'kuyang'ana ntchito yawo, kenaka anati asilikali sachita choncho. Botolo amalinyowetsa kunja, mphepo n'kuliziziritsa.

"Awe mukwai, ifwe ku nkondo twalenyowesha. Mufunika kunyowesa, madala. Amenshi, manzi aja, yakhala ngati ya mu chisime."

"Ku nkhondo kwanu kunali mphepo?"

"Sana."

"Manje pansi mphepo muzaipeza kuti? Kuja kumapeto kwa mgodi olo nyali ipuma movutika. Nsalu yonyowa izangofunda, iphike manzi yanu."

Anakangana sabata yathunthu, anthu n'kugawikana, Abemba uku a kwathu uku, mpaka kapitawo wina anati kutsutsa galu n'kukumba. Anatsika ndi mabotolo awiri, lonyowa ndi louma, n'kuwamwetsa anthu a gulu lake nthawi ya thwelofu koloko. Louma linapambana. A Lazaro sanali munthu wopambana mwakachetechete. Kwa mwezi wonse ba Mulenga akamadutsa ankawafunsa ngati mphepo yafika pansi. Koma ankavomera kuti wogwira ntchito kunja, m'dzuwa la Okutobala, anyowetse ndithu. Ndipo ba Mulenga yemweyo ndiye anadzakhala wowatungira madzi mwendo utayamba kukana.

Ine anandilasa pa fulasiki kale, akadali pa mpopi. Ndinagula imodzi ngati za azungu, yonyezimira, yosunga tiyi wotentha kuyambira mmawa mpaka madzulo, ndipo ndinadutsa nayo pa mpopi mwadala. Anaipempha, n'kuigwedeza pang'ono pafupi ndi khutu, n'kunena kuti m'kati muli galasi lopyapyala ngati chikamba cha dzira. Anati ndi chinthu chabwino kwa munthu amene ngozi yake yaikulu ndi kugwa pa mpando. Anthu anaseka mpaka misozi. Ndinapsa mtima masiku atatu. Fulasikiyo ndikadali nayo ndipo sinasweke, koma ndikudziwa chimene akanayankha: kuti ndi chifukwa chakuti sindinagwe pa mpando.

Chimene anthu ambiri sankachiganizira ndi mafunso amene ankafunsa akusoka. Kusoka malaya a botolo kunkatenga ola lathunthu, ndipo mwini botolo sankaloledwa kuchoka. Ankamukhazika pansi pafupi, n'kutsitsa mawu.

"Dzina lako ndiwe ndani? Osati la ku ofesi. La ku ofesi sunga, ni la a Kalaliki. Nifuna lamene anakuitana amako."

Ankafunsa dzina la mayi, mudzi, mfumu, mtsinje umene amatungako, ndi munthu amene angalandire uthenga. Ankabwereza katatu osaleka kusoka. Pomaliza ankatembenuza botolo n'kusokerera kunsi kwake chizindikiro ndi ulusi wamitundu, timizere ndi timfundo, chosiyana kwa munthu aliyense. Sankadziwa kulemba ngakhale chilembo chimodzi, koma zizindikirozo ankaziwerenga patapita zaka zisanu osaphonya. Ankalonjeza kuti zimene wamva sizidzatuluka mwini wake ali moyo. Ankatinso botolo lili ndi maulendo awiri: wa tsiku ndi tsiku wotsika pansi, ndi umodzi wopita kumudzi ngati mwini wake sadzapitanso. N'chifukwa chake ankaligwetsa pa simenti. Ankafuna botolo lolimba kuposa mwini wake.

Ine ndinkaziona ngati zamasewera. Ndinali ndi buku lalikulu, inki ndi makina otayipira. Munthu wosadziwa A angandiuze chiyani za maina?

Ndiye kunabwera tsiku lija, nkhondo ili m'kati. Mwala unagumuka pansi n'kupha munthu mmodzi wa gulu la opakira miyala. Nkhope inali itawonongeka moti anzake sanafune kuti aliyense aione. Mmawa mwake kapitawo anabweretsa ku ofesi chibangili cha nambala, lamba, majombo ndi botolo. Ndinatsegula buku. Nambalayo inali ya Yakobe Banda, wa mudzi wina wa ku Fotijemusoni, wokwatira. Maliro anali a mawa lake. Ndinaika pepala m'makina n'kuyamba kalata yopita kwa mkazi wake.

A Lazaro analowa osagogoda. Ngozi ikachitika nthawi zonse ankabwera kudzaona botolo. Analitola pansi. Linali litapindika mbali imodzi, chinsalu chitang'ambika, koma chotsekera chili m'malo, ndipo ataligwedeza munamveka madzi. Analitembenuza n'kuyang'ana kunsi nthawi yaitali.

"A Kalaliki, kalata iyo iyenda kuti?"

"Kwa mkazi wa Yakobe Banda."

"Uyu si Yakobe Banda. Uyu ni Chikaiko, mwana wa a Nambewe, ku Kamtedza. Sanakwatire. Chitupa anachipeza pa njira, chinapita mu manja atatu. Yakobe olo iye sanamuonepo."

Ndinawauza kuti buku la ofesi silifufutidwa chifukwa cha ulusi. Koma mnyamatayo ndinkamukumbukira. Chitupa chinkanena za munthu amene wakhoma msonkho zaka zambiri, koma tsiku lomulemba ntchito patsogolo panga panaima munthu wopanda ndevu. Ndinaona, ndipo ndinalemba. Kukonza dzinalo kunali kuvomera pamaso pa bwana wa komboni kuti ndinalemba bodza ndikudziwa.

"Mukufuna andichotse ntchito?" ndinawafunsa. "Ndili ndi ana anayi. Wamwalira wamwalira basi. Dzina limuthandiza chiyani m'manda?"

"Iye sichimuthandiza. Koma kuli mzimai azameta tsitsi, alire mwamuna wamoyo, akwatiwe kwina. Ndipo kuli a Nambewe azayang'ana ku njira mpaka maso yafe."

Ndinapitiriza kutayipa kuti aone kuti nkhani yatha. Sanachoke. Anakhala pa benchi ya odikira, botolo pamiyendo, n'kulankhula ngati akulankhula ndi khoma. Anati kalekale ku migodi ya kumwera anali ndi mnzake amene ankadya naye mbale imodzi. Mnzakeyo atamwalira, kalaliki anawerenga pa manda dzina la munthu wina. Iwo anali ataima pomwepo, dzina lenileni lili pakamwa, koma anaopa kufunsidwa zambiri ndipo anakhala chete. Anati kuyambira tsiku limenelo sanagonepo tulo tokoma. Aka kanali koyamba ndi komaliza kuwamva akunena za moyo wawo wakale. Ine ndinawayankha kuti benchiyo ndi ya anthu okhala ndi nkhani za ofesi.

Anatuluka n'kukakhala pa sitepe, padzuwa, kuyambira mmawa mpaka thu koloko. Ndinkawaona pa windo. Kalata ndinaitsiriza, ndinaiika mu envulopu, ndinamata. Bwana wa komboni atabwera kuchokera kokadya, a Lazaro anadzuka, anavula chipewa n'kumutsatira mpaka mu ofesi yake. Patangopita kanthawi belu linalira. Womasulira wa mu ofesi ndinali ine.

Sindidzaiwala kuima pakati pa anthu awiriwo, mawu onditsutsa akudutsa pakamwa panga. A Lazaro anaika botolo pa tebulo n'kufotokoza zonse mosathamanga. Mzungu anafiira. Anafunsa kuti anthu angati m'komboni muno ali ndi zitupa za eni, ndipo ndinamasulira.

"Muuzeni nidziwa mabotolo chabe," anatero a Lazaro.

Anawauza kuti atchule maina, apo ayi achoke pa ntchito ndi m'nyumba ya komboni sabata isanathe. Ndinamasuliranso.

"Muuzeni amoyo ali na pakamwa pao. Ine nilankhulira wakufa."

Kenaka mzungu anandiloza ndi pensulo n'kufunsa ngati kalaliki ankadziwa za chitupacho. Ndinayenera kutembenuka n'kuwafunsa a Lazaro m'chinenero chathu ngati ine ndinkadziwa. Anandiyang'ana m'maso.

"Muuzeni kalaliki uyu sadziwa kanthu. Adziwa mapepala chabe. Olo mumubweretsere mbuzi na chitupa, azailemba."

Ndinamasulira liwu ndi liwu, ndi mbuzi yomwe. Mzungu anaseka pang'ono, ndipo kusekako ndi kumene kunandipulumutsa. Anandilamula kuti ndidule dzina la Yakobe Banda m'buku, ndilembe la Chikaiko, nding'ambe kalata ija. A Lazaro anawapatsa masiku asanu.

Mawa lake pa manda anawerenga dzina la Chikaiko mwana wa a Nambewe. Anzake a m'gulu anayang'anana, popeza miyezi yonseyo ankamuitana Yakobe. Manda atakwiriridwa a Lazaro anatsegula botolo lija n'kuthira madzi otsalawo pa dothi. Analiumitsa, anasoka pong'ambika, n'kulipereka kwa munthu wina wopita kutchuthi kumbali ya ku Kamtedza. Patapita miyezi tinamva kuti a Nambewe analilandira, analiika m'manda a kwawo pafupi ndi amalume ake a mnyamatayo, ndipo mudzi unameta maliro monga mwa mwambo.

Mitsuko yawo anaisamutsira ku msuku uja okha pa wilibala wobwereka, umodziumodzi, mwendo ukukoka. Ndinaima pa windo la ofesi osatuluka kukawathandiza, kuopa kuti mzungu angandione. Anamanga kachisakasa ku mapuloti a kunja kwa tauni, ndipo mmawa uliwonse ankabwera pansi pa msuku uja. Anthu anapitiriza kubwera ndi mabotolo, akazi a m'komboni n'kumawapatsa ufa ndi ndiwo. Patapita masabata ndinalimba mtima n'kupita kukapepesa. Ndinali nditakonza mawu abwino njira yonse. Sanandilole kutsiriza ngakhale chiganizo choyamba. Anandifunsa ngati dzira langa lasweka, kutanthauza fulasiki, kenaka anandipatsa singano kuti ndiwalowetsere ulusi chifukwa maso anali atayamba kuchita khungu. Kuyambira pamenepo ndinkadutsa pa msuku madzulo aliwonse poweruka, kulowetsa ulusi ndi kukangana. Iwo ankapemphera ndi Akatolika a ku Fotijemusoni, ine ndine wa mpingo wa kwathu wa Chipulesibeteriya, ndiye nkhani zokanganirana sizinkasowa.

Anadwala chifuwa m'nyengo yozizira ya chaka chatha. Sanagone masiku ambiri. Ba Mulenga atapita mmawa wina ndi ndowa ya madzi anapeza atatisiya. Maliro awo anali aakulu kuposa a akapitawo. Anthu a shifiti ya masana anafika pa manda ndi zovala za ntchito, aliyense botolo lake pa chiuno. Wansembe anawerenga dzina la Lazaro Phiri, tinaimba, tinakwirira. Ine ndinalira poyera, ndipo sindikuchita nazo manyazi.

Kalata yawo sindinaitayipe. Ndinailemba ndi dzanja, mosamala, masamba awiri, kufotokoza kuti anali munthu wotani kuno. Mudzi ndinautenga pa chitupa chimene tinachipeza m'kachitini pansi pa mphasa yawo, chakale, chothothoka m'mbali, chogwirizana ndi zimene zili m'buku la ofesi. M'kachisakasamo tinapezanso botolo lawo, lachitsulo, lovekedwa bwino kuposa onse amene ndinawaonapo. Tinalitumiza pamodzi ndi kalata monga mwa lamulo lawo lomwe. Ndinamva mtima kupepuka. Ndinkati pomaliza ndawachitira chinthu chimodzi molongosoka.

Patatha miyezi itatu botolo linabwerera, pamodzi ndi kalata ya mphunzitsi wa m'mudzimo. Analemba mwaulemu kuti Lazaro Phiri alipo, ndi nkhalamba yosaona, ndipo sanapiteko kumigodi chibadwire. Akukumbukira kuti kalekale, ali mnyamata, anasinthanitsa chitupa chake ndi bulangete kwa munthu wapaulendo pa doko la Luangwa. Munthuyo sanamufunse dzina, ndipo nkhope yake anaiwala.

Ndinawerenga kalatayo ndili chiimire, kenaka ndinakhala pansi. Madzulo ndinapita nayo kwa ba Mulenga. Anamvetsera, n'kutenga botolo n'kulitembenuza. Kunsi kwake kunalibe chizindikiro chilichonse, chinsalu chokha. Tinasula malaya onse, bulangete ndi thonje lomwe, kuganiza kuti mwina muli kanthu m'kati. Munalibe.

"Imwe ba Kalaliki," anatero ba Mulenga, "myaka yonse iyi, simunabafunseko?"

"Inu munawafunsa?"

Mawa lake tinayamba kufunsafunsa dzina lawo lenileni.

Tinayenda nyumba ndi nyumba. Tinafunsa a ku tchalitchi kwawo, tinafunsa okalamba amene anali nawo ku Bwana Mkubwa, ndinapita mpaka ku Ndola kwa mwini sitolo uja. Aliyense ankakumbukira tsiku limene anakhala pansi n'kuwauza dzina la mayi ake ndi mtsinje wa kwawo. Panalibe ndi mmodzi yemwe amene anatembenuza funsolo. Tinkawaona ngati mpopi, chinthu chimene chimangokhalapo. Ine ndiye woipitsitsa, pakuti kufunsa maina ndi ntchito imene ndimadyera, ndipo ndinakhala pambali pawo zaka zonsezo ndikulowetsa ulusi. Sindikudziwa ngati akanandiuza. Mwina ankadikira kufunsidwa. Zimene ndikudziwa n'zakuti tinaima pa manda awo, anthu mazana amene maina athu anawasunga, n'kuwaika ndi dzina la mwini. Kwinakwake kuli mudzi umene unayang'ana kunjira mpaka unatopa.

Dzina la pa mtanda ndinakalipala ndi mpeni, popeza mwini wake ali moyo. M'buku la ofesi ndinadula mzere, ndipo pambali pake sindinalembepo kanthu.

Pansi pa msuku tsopano pali zii. Mitsuko iwiri anatenga akazi a m'komboni, wachitatu unasweka, ndipo pamene inali patsala maenje atatu amene mvula ikuwakwirira pang'onopang'ono. Kabokosi wina anakasonkhera moto. Udzu wamera mpaka m'mawondo, kupatula kanjira kamene anthu akale amapatukirabe mosaganiza, n'kuima, n'kubwerera. Achilendo amadutsa molunjika ndi mabotolo a mowa m'matumba, ndipo palibe amene amawaimitsa. Ba Mulenga anasokanso malaya a botolo lija, mosakongola, n'kulipachika pa msomali pa thunthu la mtengo. Palibe amene walikhudza.

Sabata yatha ndikuweruka ndinapeza mwamuna wina wachilendo ataima pamenepo, akuliyang'ana. Anali wa kwathu, ndinamva pa moni wake. Anati botolo lotere sanalionepo, ndipo anafunsa ngati likugulitsidwa. Ndinamuuza kuti ayi, mwini wake tinamuika chaka chatha. Anavula chipewa mwaulemu.

"Pepani, bambo. Anali ndani?"

Ndinatsegula pakamwa, ndipo ndinalibe chomuuza.